Kutsitsa Mtengo Kapena Kuika Alendi: Nyumba Ikakana Kugulika

Kalata yosamutsa munthu pantchito imatchula tsiku loti akayambe, koma wogula nyumba alibe tsiku lake. Mabanja ambiri amene anamanga ku Blantyre, ntchito n'kuwaitanira ku Lilongwe, amalidziwa vuto limeneli. Ulendowu si wachilendo. Kuyambira mu 1975, pamene likulu la dziko linachoka ku Zomba, maofesi akhala akulowera chigawo chapakati pang'onopang'ono: maunduna, akazembe, mabungwe othandiza anthu, ndipo mu 2010 aphungu nawo analowa m'nyumba yawo yatsopano kumeneko. Mipando, mabuku a ana ndi ziwiya zimakwera lole, koma nyumba ya ku Chilomoni, ku Chirimba kapena ku Machinjiri imatsala pomwe inamangidwa, makilomita oposa 300 kumbuyo. Chikwangwani chakuti ikugulitsidwa chimatha kukhala pageti mpaka utoto wake kusuluka, anthu akubwera kudzaona, kuyamikira, n'kupita osabweranso.

Zikafika apa mwini nyumba amakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsitsa mtengo mpaka wogula apezeke, n'kuchoka atamasuka. Yachiwiri ndi kuzula chikwangwani chija, kuikamo munthu wa lendi, n'kuchoka nyumba ikadali m'dzina lake. Ilipo yachitatu, yokhoma zitseko n'kusiya mlonda, koma imeneyo sikhalitsa. Mlonda amafuna malipiro, khonsolo imafuna msonkho wake, chiswe sichidikira, ndipo pakatha miyezi ingapo mwiniwake amabwerera ku ziwiri zija.

Chimene chimakanikitsa nyumba kugulika nthawi zambiri sichikhala khoma kapena denga. Kuno kwathu ogula ambiri amagula ndi ndalama zimene ali nazo kale m'manja, ndipo anthu otere ndi owerengeka. Ngongole yogulira nyumba ilipo ndithu, ndipo New Building Society, imene inasanduka NBS Bank mu 2004, inakhazikitsidwira ntchito yomweyo. Koma pamene Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti kumayambiriro kwa 2024, munthu wolandira malipiro a pamwezi sakanalota zokongola ndalama ya nyumba yathunthu. Kuonjezera apo, banki imafuna title deed, pamene nyumba zambiri zili pa mapuloti ogulidwa ndi kalata ya amfumu. Ngakhale zimene zili ndi zikalata zokwanira, zambiri zili pa malo obwerekedwa kwa zaka zowerengeka, ndipo kusintha dzina kumafuna chilolezo cha eni malowo, kaya ndi Unduna wa Zamalo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Ku Blantyre kulinso funso limene linakula chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche: madzi a mvula amadzera kuti? Nyumba yabwinobwino ikhoza kukhala chaka osagulika chifukwa cha chimodzi mwa zimenezi.

Njira ziwirizi zimaoneka zotsutsana, ina yotaya, ina yosunga, koma zimafanana kwambiri. Zonse ndi kuvomereza kuti mtengo umene mwini ankaufuna kulibe: wogulitsa amavomereza poyera pamaso pa loya, woika alendi amavomereza mumtima n'kumayembekeza kuti zinthu zidzasintha. Zonse zimadalira munthu wachilendo, kungoti wogula amafunika kukhulupirika tsiku limodzi, pamene wa lendi amafunika kukhulupirika mwezi ndi mwezi. Konsekonse pali apakati odya nawo: pogulitsa pali ma ejenti ndi madobadoba amene nthawi zina amaonjezera zawo pamtengo mpaka wogula kuthawa, ndipo pa lendi pali wopeza alendi kapena woyang'anira nyumba amene amatenga gawo lake. Boma nalo lili mbali zonse. Kusintha umwini kuli ndi zolipira zake, ndipo ndalama ya lendi imakhomedwa msonkho, moti wa lendi akakhala kampani kapena bungwe, amadula gawo la MRA ndalama isanafike kwa mwini nyumba.

Kusiyana kwenikweni kumayamba tikafunsa chimene nthawi imachita ndi ndalama. Tiyerekeze nyumba imene mwini wake amaiwerengera K100 miliyoni, wogula wopezeka akufuna kupereka K85 miliyoni, pamene wa lendi angapereke K500,000 pamwezi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma sali kutali ndi zimene anthu amakumana nazo. Wogulitsa wataya K15 miliyoni tsiku limodzi, ndipo kutayako akukuona ndi maso. Koma K85 miliyoni yotsalayo ili m'manja, ndipo ikhoza kugwira ntchito. Mu 2024 zikalata za ngongole za boma za chaka chimodzi zinkapereka phindu loposa 20 peresenti, kutanthauza ndalama yoposa K17 miliyoni pachaka popanda kukonza mpope kapena kuimbira foni munthu. Woika alendi sanataye kanthu pa pepala, koma pachaka amalandira K6 miliyoni yokha, ndiye kuti 6 peresenti ya mtengo wa nyumbayo, asanachotse msonkho, utoto, ndi miyezi imene nyumba imakhala yopanda munthu. Tikaima pamenepa, wogulitsa akuoneka kuti anaganiza bwino, ndipo mawu a akulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno ali mbali yake.

Koma tisaime pamenepa. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K100 miliyoni ku banki mu October chaka chimenecho anali ndi ndalama yofanana ndi madola pafupifupi 85,000. Mwezi wotsatira, osachotsako tambala, anali ndi madola pafupifupi 59,000. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi zoposa 30 peresenti, kuposa phindu limene zikalata za boma zija zinkapereka. Ndalama ya wogulitsa inkabereka, koma inkafota msanga kuposa mmene inkaberekera. Nyumba ya woika alendi inkabereka pang'ono, koma simenti, malata, zitsulo ndi matailosi zimene zili m'thupi mwake zinkakwera mtengo limodzi ndi dola, moti kumanganso nyumba yonga yomweyo kunayamba kufuna ndalama zochuluka kuposa kale. Wogulitsa anapeza phindu looneka pa chuma chimene chikuchepa. Woika alendi anapeza phindu lochepa pa chuma chimene chikudziteteza. Pano mawu ena a akulu, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ali mbali ya wachiwiriyu.

Ine ndimaona kuti masamu amenewa sanena za nyumba kwenikweni, koma za komwe ndalama ikupita. Wogulitsa amene watenga K85 miliyoni yake n'kugula puloti ku Area 49 kapena ku Area 25 mwezi womwewo, n'kuyamba kuunjika njerwa, sanataye chitetezo chija, wangochisamutsa. Ngati anatsitsa mtengo pogulitsa, mwina nayenso apeza wina wofulumira amene amutsitsire pogula. Amene ali pangozi ndi wogulitsa wopanda pulani, amene ndalama yake ikhale mu akaunti ikudikira maganizo, uku achibale amva kuti nyumba yagulidwa. Chimodzimodzi, woika alendi amatetezeka pokhapokha ngati angathe kukweza lendi mogwirizana ndi nyengo, ndipo apa pali malire. Malipiro a alendi sakwera ndi dola. Mwini nyumba akakweza kwambiri, munthu wabwino amatuluka, ndipo miyezi iwiri ya nyumba yopanda munthu imadya zonse zimene kukwezako kukanabweretsa.

Ngongole imasintha chithunzi chonse. Ngati nyumba ija idakali ndi ngongole ya K40 miliyoni ku banki pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi K10 miliyoni pachaka, pamene lendi ikubweretsa K6 miliyoni. Woika alendi ndiye kuti akuonjezera za m'thumba mwake mwezi uliwonse kuti asunge nyumba imene sakhalamo, uku akulipira lendi ina ku Lilongwe. Wogulitsa amabweza banki, n'kutsala ndi zochepa koma zake. Komabe wangongoleyo ali ndi chake chomutonthoza: kwacha ikamafooka, ngongole ya m'makwacha imapepuka, bola malipiro ake azikwerako ndipo asaphonye mwezi. Akaphonya miyezi ingapo, banki ikhoza kugulitsa nyumbayo yokha, ndipo mtengo wa pamenepo sukhala womwe iye akanasankha. Wopanda ngongole amatha kudikira chifukwa wasankha kudikira; wangongole amadikira akuwerenga masiku.

Kuti chiwongoladzanja ndicho chimalamula zikuoneka bwino tikayang'ana ku Britain, kumene Amalawi ambiri akukhala ndipo ena anagulako nyumba. Banki ya Northern Rock itagwedezeka mu September 2007, mabanki anaumitsa ngongole, ndipo mu 2008 mitengo ya nyumba inatsika ndi pafupifupi 16 peresenti. Anthu ambiri ofuna kusamuka analephera kugulitsa, ena chifukwa ngongole yawo inaposa mtengo wa nyumba, ndipo anapempha chilolezo ku mabanki awo kuti aikemo alendi. Koma kumeneko Bank of England inatsitsa chiwongoladzanja kufika pa 0.5 peresenti mu March 2009, moti kwa ambiri lendi inkakwanira kulipira banki. Vuto linali lofanana ndi lathu, loti ogula asowa chifukwa ngongole yavuta, koma kudikira kunali kotsika mtengo kumeneko, pamene kwa wangongole wa ku Blantyre kudikira ndiko kodula.

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa pepala, ndiwo ntchito. Ntchito ya wogulitsa ndi yolemera koma yaifupi: kuyenda m'maofesi a zamalo, kutsimikiza kuti misonkho ya khonsolo ndi mabilu a madzi zalipidwa, kudikira chilolezo, kuonetsetsa kuti ndalama yalowadi asanapereke makiyi. Zikatha, zatha. Ntchito ya woika alendi ndi yopepuka koma yosatha. Lendi imatha kubwera pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki popanda munthu kukwera basi, ndipo mita ya mayunitsi inachepetsa mikangano yakale ya mabilu a magetsi. Koma denga lodontha silikonzeka pafoni. Giza ikapsa, mpope ukaphulika, mpanda ukagwa ndi mvula ya mu January, pamafunika munthu woti akaone, aitane mmisiri, akambirane mtengo, n'kutsimikiza kuti ntchito yagwiridwadi. Mwini ali ku Lilongwe amasankha pakati pa kukhulupirira chithunzi cha pa WhatsApp ndi kutaya Loweruka lonse pamsewu wodutsa ku Dedza, ku Ntcheu ndi pa Zalewa. Ndipo wa lendi akasiya kulipira, njira yoyenera ndi ya khothi, osati yozula chitseko kapena kutseka madzi. Njira imeneyo imafuna kuti pakhale mgwirizano wolembedwa, ndiponso kuti mwini nyumba azipezeka ku Blantyre masiku amene abwana ake akumufuna ku ofesi.

Apa m'pamene achibale amalowera, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuikhalira pansi. Mabanja ambiri, poopa mlendo, amaikamo m'bale: mphwake wa bambo amene wangokwatira, mlamu amene akusaka ntchito, mchemwali wamasiye. Maganizo ake ndi abwino, akuti nyumba ikhale m'manja odziwika ndipo m'bale athandizike. Nthawi zina zimayendadi bwino, ndipo pali nyumba zambiri zimene zasamalidwa ndi achibale kuposa mmene mlendo akanachitira. Koma m'bale savuta kulowetsa, amavuta kutulutsa. Lendi yake imakhala yotsika kuyambira pachiyambi, mwezi ukaphonyeka sipakhala kalata koma chete, ndipo mwini nyumba amachita manyazi kufunsa ndalama kwa munthu amene adzakhale naye pa mphasa imodzi pamaliro. Mawu akuti "Achimwene, mwezi uno zavuta pang'ono" alibe yankho lophweka. Wogula akapezeka, kuuza mlamu kuti asamuke kumasanduka mlandu wa banja lonse. Wogulitsa nayenso sathawa achibale, kungoti iye amakumana nawo kamodzi ndipo mwamphamvu: ena amadandaula kuti wagulitsa pofikira pa mtundu wonse, ena amabwera ndi mavuto enieni a fizi ndi chipatala podziwa kuti ndalama ilipo. Woika m'bale amapereka pang'onopang'ono osatchula kuti akupereka. Wogulitsa amapemphedwa zambiri nthawi imodzi ndipo amayenera kuphunzira kukana.

Nyumba nayonso ili ndi moyo wake. Yokhalamo anthu imatha m'njira ina: makoma amada, zitseko za makabati zimaguluka, maluwa amauma, pabwalo pamasanduka poimika galimoto. Yopanda anthu imatha m'njira ina yoopsa kuposa: akuba amazula mawaya, mipope ndi masinki, chinyezi chimalowa m'siling'i popanda wochiona. Pa ichi chokha, kuika alendi kumaposa kudikira wogula nyumba ili yokhoma. Koma poyerekeza ndi kugulitsa lero, mwini ayenera kukumbukira kuti nyumba imene adzagulitse pakatha zaka zisanu si imene akuisiya. Lero ndi nyumba ya mwini wake, yosamalidwa ndi dzanja limene linaimanga. Tsikulo idzakhala nyumba ya lendi, yofuna utoto ndi mmisiri isanaonetsedwe. Dipoziti ya mwezi umodzi sikwanira kukonza zonsezo.

Ku Lilongwe nako moyo wa awiriwa umasiyana. Wogulitsa amafika ndi mphamvu m'manja. Akhoza kulipira miyezi itatu yoyambirira imene eni nyumba ambiri amafuna, kulembetsa ana sukulu, n'kuyamba kufunsa za mapuloti. Maganizo ake onse ali kumene thupi lake lili. Woika alendi amafika ali mbali ziwiri nthawi imodzi, alandilodi ku Blantyre, wa lendi ku Lilongwe, ndipo pa tsiku loyamba la mwezi amadikira ndalama ya uko kuti alipire kuno. Ya uko ikachedwa, iye ndi amene amapepesa kuno. Kawirikawiri nyumba imene angakwanitse ku Area 47 kapena ku Area 18 ndi ndalama yomweyo imakhala yochepera imene wasiya. Komabe pali chabwino chimene ndachiona mwa anthu otere: munthu amene wadikirapo plamba wa alandilodi ake sachedwa kutumiza plamba kwa alendi ake, ndipo amene wapemphapo kuti amudikire sabata imodzi amamva msanga akapemphedwa chimodzimodzi.

Sitinganyalanyaze za mumtima, ngakhale masamu sazidziwa. Anthu ambiri kuno sagula nyumba yomanga kale. Amaimanga zaka zambiri, maziko chaka chino, malata chaka cha mawa, mawindo ndi ndalama ya ngongole ya ku SACCO. Kutsitsa mtengo wa nyumba yotere kumapweteka ngati kunyoza zaka zimenezo, ndipo n'chifukwa chake eni ambiri amatchula mtengo wa thukuta lawo, pamene wogula akuwerenga mtengo wa msika. Palinso nkhani ya kupuma pantchito. Nyumba ya kampani kapena ya boma imabwezedwa tsiku lopuma, ndipo munthu amene wasunga nyumba yake ku Blantyre amadziwa kolowera ntchito ikatha mwadzidzidzi, ndiponso amadziwa chimene mkazi wake ndi ana adzatsale nacho iye akatsogola. Chimenecho si chinthu chaching'ono. Koma mtima womwewo ukhoza kumunamiza munthu. Ana amene akulira ku Lilongwe sadzabwerera ku Chirimba, ndipo bambo amene akuti adzabwerera akapuma mwina akusunga nyumba ya banja limene linasamuka kale ndi maganizo omwe. Wosunga ayenera kudzifunsa ngati akusunga chuma kapena chikumbutso. Wogulitsa ayenera kudzifunsa ngati akumasuka kapena wangotopa ndi kudikira.

Kusiyana kotsiriza ndi kwakuti njira imodzi imabwezeka, inayo ayi. Woika alendi akhoza kugulitsa chaka chamawa. Wogulitsa sangaikenso alendi. Ichi chimakopa ambiri kuona lendi ngati kungoimika kaye chisankho, koma sizili choncho kwenikweni. Wa lendi ndi munthu wa banja lake, ana ake ali pa sukulu yapafupi, ndipo mgwirizano umene wasaina umamupatsa ufulu wokhalamo mpaka nthawi yake ikwane. Wogula akabwera mwezi wachinayi ndi ndalama m'manja, akufuna kulowa yekha, mwini nyumba amapeza kuti nyumba imene inakana kugulika ili yopanda munthu tsopano yavuta kugulika chifukwa muli munthu. Wogula wina, wofuna nyumba yoti izimubweretsera ndalama, amakondwa kupeza wa lendi wolipira bwino ali kale m'katimo, ndipo malisiti a miyezi khumi ndi iwiri amamutsimikizira mtengo kuposa mawu a ejenti. Choncho amene wasankha lendi akufunabe kugulitsa ayenera kumuuza wa lendiyo zoona kuyambira tsiku loyamba, ndipo zilembedwe mumgwirizano: kuti nyumbayi ili pamsika, kuti ofuna kugula adzabwera kudzaona pa masiku ogwirizana, ndi kuti ikagulidwa adzapatsidwa miyezi ingati yoti asamukire. Munthu wouzidwa zimenezi adzapempha kuti lendi itsikeko, ndipo akunena zoona, chifukwa akulandira nyumba yosakhazikika. Pamenepo mwini nyumba amapezeka kuti watsitsanso mtengo, osati K15 miliyoni kamodzi, koma K50,000 mwezi uliwonse mpaka wogula adzapezeke.